Mkombero wa Pabwalo la Mpunga

Unali mkombero wa njinga, wadzimbiri, wopanda sipoko ndi imodzi yomwe. Amalume anaukhomera pamtengo wouma wa bulugamu pakati pa bwalo lathu ku Domasi, n'kusokerera thumba la feteleza kunsi kwake. Anali ataonera basiketibolo pakanema ku Songani, ndiye anati mwana wamtali ngati ine asamangothera kuthyola mapapaya a eni.

Inali nyengo yokolola, ndili Sitandade 8. Bwalo lonse amayi ankayalapo mikeka ya mpunga, fungo la mankhusu otentha lili guu. Kuyandikira mtengowo mothamanga kunali kuputa nkhondo, choncho ndinkaponyera kutali, pafupi ndi khola la mbuzi. Ndikalowetsa, mpira unkatsala m'thumba phee, ine n'kunyang'ama pakati pa mikeka kukaugwetsera m'manja ndi nsungwi. Ndikaphonya unkamwaza mpunga, ndipo amayi ankatulukira ndi mthiko. Ndani angaphonye kawiri? Pofika Juni, mthikowo unali utabwerera kuntchito yake.

Kusukulu kunali aphunzitsi a zamasewero. Bambo amenewa, Mulungu andikhululukire, basiketibolo ankangoimva. Zaka zonse ankaimbira wezulo netibolo ya atsikana, ndiye m'mutu mwawo munakhazikika zoti wamtali amaima pansi pa golo n'kumadikira. Tsiku loyamba nditaponyera kutali, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo, anaimba wezulo ngati ndaba.

"Iwe Mlongoti, ukuonetsera ndani? Mulungu anakupatsa msinkhu kuti uziima apa!"

Anajambula bwalo laling'ono ndi choko pansi pa golo. Ndikatulukamo, ndinkazungulira sukulu kasanu. Ndinkangoti, "Chabwino, sala."

Masiku ano ndikamaonera akatswiri akunja pafoni, ndimachita kutukwana ndekha. Zimphona zoti pakhomo pathu zingalowe chowerama zimaima kunja kwa mzere n'kuponya, mapointi atatu. Wozitchinga akatuluka kuzilondola, pansi pa golo pamatsala mbee, anzawo aafupi n'kumangodutsa. Matimu amalimbirana anthu otere. Zitatu zimaposa ziwiri, ngakhale mwana wa Sitandade 1 amadziwa. Koma aphunzitsi athu aja, a satifiketi yawo m'felemu, samuyi inawakanika.

Chakumapeto kwa temu kunabwera bambo wina wochokera ku Blantyre. Ankafuna mwana mmodzi woti akaphunzire ulere kusekondale ina ya timu yamphamvu. Kwathu za fizi zinali zosayamba n'komwe, ndipo amayi anali atanena poyera kuti ndikapanda kutengedwa, khasu likundidikira kudimba.

Tinasewera dzuwa lili pamutu, simenti ikuwotcha kumapazi. Anyamata awiri anandipanikiza pansi pa golo, wina chigongono m'nthiti, wina kundiponda dala. Mpira sunkandifika. Chakumapeto ndinatopa nazo, ndinatuluka kunja kwa mzere, ndipo mpira unandipeza ndili ndekhandekha. Mtunda wake unali ngati wa pakhola la mbuzi paja. Manja anali atakwera kale okha. Mlendo uja anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

Ine ndinayang'ana aphunzitsi. Anali atakweza chala, akuloza pachoko paja.

Ndinapatsira mnzanga mpirawo n'kubwerera pamalo panga ngati mbuzi yozolowera chingwe. Mlendoyo anatenga mwana wina, ndipo za ine anangoti, "Wamtaliyu ndi wamtali basi."

Madzulo ake aphunzitsi anandisisita paphewa, amvekere ndine mwana womvera, ndidzapita patali. Ee, ndinapitadi patali: kudimba, kutsidya kwa mtsinje, zaka zonsezi.

Amayi atamva kuti aphunzitsi andiyamikira, anapeta mpunga wabwino kwambiri, womwe uja ndinkaopa kuumwaza, n'kudzaza lichero. Ndinausenza ndekha mpaka kunyumba kwa aphunzitsiwo. Ndinagwada pakhonde, n'kuupereka ndi manja awiri, ndipo ndinati zikomo. Ndinabwerera kwathu ndikuimba mluzu, mtima uli mbee, poganiza kuti tsiku limenelo ndinali nditachita bwino.