Penti Wokana Makoti Awiri

Ku Area 25, mukatsika minibasi pa Nsungwi n'kufunsa kwa a Laws Munthali, anthu ankayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti "kwa a Penta," ngakhale mayi wogulitsa tomato ankakulozerani ndi mlomo. Nyumbayo sinkasowa. Mumzere wonsewo ndi yokhayo imene inkayera ngati chipatala, mpaka miyala ya m'mbali mwa maluwa inali yopakidwa laimu.

A Munthali anapenta nyumba za boma kuyambira likulu lisanachoke ku Zomba mpaka pamene anapuma pantchito, matipate atangoyamba kumene. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, mkulu wa mpingo, wosamwa, wosasuta, koma makani okhawo, eee, anachita kubadwa nawo. Ankakhulupirira zinthu ziwiri basi: Mulungu ndi makoti awiri a penti. "Khoma la koti imodzi ndi bodza," ankatero. Akaona mng'alu pakhoma la mnzawo, tiyi sankatsika kukhosi.

Pangano linali lakuti akapuma, iwo ndi akazi awo, a Lettie NyaMsiska, abwerere kumpoto. NyaMsiska kwawo kunali kumapiri a ku Phoka, ku Rumphi, ndipo zaka zonse za m'tauni ankangodandaula fumbi la Lilongwe. Anali atayamba kale kumanga mbale m'makatoni. Koma za mawa sizidziwika. Tsiku lina akuchokera kumapemphero a amayi anangoti khu pakhomo. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu ankatuluka mochita kukoka, ndipo adokotala sanabise: za basi yokwera mapiri aiwale.

Kuyambira pamenepo mayi uja anatembenukira kukhoma. Phala ankangolawa n'kulikankha. Mawu amene ankamveka bwino anali amodzi okha, "kukaya," ndiko kuti kumudzi m'Chitumbuka chawo. A Munthali zinawadya mumtima. Ankaona ndi maso awo kuti akazi awo akutha, osati ndi matenda okha ayi, komanso ndi kupukwa. Chithunzi cha kumudziko analibe, poti kamera inali isanafikeko.

Loweruka lina mwana wawo Tisunge, amene ankaphunzitsa ku Likuni, anabwera ndi kabokosi kachitsulo. M'katimo munali timibulu ta penti tonga maswiti, ndi kaburashi kowonda ngati nthenga ya nkhuku.

"Adada, uyu ndi penti wa madzi," anatero Tisunge. "Amama sangapite kumudzi. Bwanji inu muwabweretsere mudziwo?"

A Munthali anakatembenuza kaburashiko n'kuseka. "Ine ndapenta nyumba za nduna, mwana iwe. Aka n'kachiyani? Pofika Lachitatu ndikhala nditamaliza."

Lachitatu lake liti! Anayala pepala pakhonde n'kuyamba monga anazolowera: andakoti, penti woyera wapansi uja, kaye pepala lonse, adikire iume, kenako koti yoyamba, kenako yachiwiri. Pepala linafufuma, linapindika, linabooka pakati. Wobiriwira ndi wofiira anakwatirana n'kubala matope. Anayesa lina, chimodzimodzi. Mlandu anaupereka kwa pentiyo, ati ngwachinyengo.

Tisunge atabweranso anagwira pakamwa kuti asaseke. "Adada, penti uyu sakakamizidwa. Madzi ndiwo amamuyendetsa, inu muzingomuperekeza. Ndipo poyera musapake chilichonse. Pepalalo ndiye kuyera kwake."

"Ndisiye malo osapenta? Ine?" A Munthali anadzuka pampando. "Kapitawo akanandiona akanandithamangitsa tsiku lomwelo!"

"Kapitawo wanu tsopano ndi amama," Tisunge anayankha.

Pamenepo a Munthali anakhala pansi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Nyengo yonse yozizira anaithera pakhondepo, magalasi pamphuno, kapu ya madzi pambali. Anayamba ndi papaya, n'kubwera beseni, n'kubwera mtengo wa mango wa kuseri. A Masiye oyandikana nawo nyumba, ogulitsa makala, ankasuzumira pampanda n'kumati, "A Penta, mwabwerera sitandade wani kodi? Tikugulireni yunifomu?" Iwo lilime lili panja, akulimbana ndi tsamba limodzi. Pang'onopang'ono dzanja lozolowera chiburashi cha khoma linaphunzira kupepuka. Papaya anayamba kuoneka ngati papaya.

Atadzimva kuti akhwima, anajambula mudzi wa akazi awo. Phiri kumbuyo, nyumba ya apongozi awo kutsogolo. Anagwiritsa ntchito rula kuti makoma aime chilili. Denga analiika la malata, chitseko chabuluu, mawindo ofanana bwinobwino. Anavala jekete la kutchalitchi n'kulowa nacho chithunzicho kuchipinda.

"NyaMsiska, taonani kuno. Ndakubweretserani kukaya."

Mayi uja anatembenuka movutikira n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nyumba... ya ahedi?" anafunsa, n'kubwerera kukhoma kwawo.

Abale, a Munthali zinawapweteka. Anatuluka mwakachetechete n'kukakhala pakhonde jekete lili m'thupi. Atachiyang'anitsitsa chithunzicho anaona okha chimene anachita. Nyumba ya apongozi awo sanaijambule ayi, anaikonza. Dzanja la penta silikanalola khoma lopendama kapena denga lothothoka, ndiye linangowongola zonse mpaka mudzi wa eni ake unasowa.

M'mawa mwake anakokera mpando pafupi ndi bedi, pepala latsopano pamwendo. "Chabwino, ndalephera. Ndiuzeni inu. Khoma lija linkapendamira kuti?"

Kenako dzanja lamanzere, lamoyo lija, linatuluka m'bulangeti n'kuloza kumanzere.

"Nanga denga?"

"Udzu," anatero NyaMsiska. "Wakuda... utsi."

Ntchito inayambira pomwepo. Tsiku lililonse bambo ankafunsa, mayi ankayankha, mawu amodziamodzi ngati madzi a pampopi wa ku Nsungwi. Nthochi zinali kuseri, osati kutsogolo. Khofi anali kumunsi. Nkhokwe inali ndi mwendo umodzi waufupi. A Munthali akalakwitsa, NyaMsiska ankakwiya zenizeni, n'kumenya matiresi. Ndipo poti kukalipa kumafuna mphamvu, anayamba kumaliza phala. Tisunge atamva mayi ake akuti "Adada ŵako mbamakani," kutanthauza kuti bambo akewo ngosamva, anathawira kukhitchini kukalira ndi chimwemwe.

Chovuta kwambiri chinali nsonga ya phiri. NyaMsiska anati m'mawa phirilo silinkaoneka lonse, nkhungu inkalidula pakati. A Munthali anatenga penti woyera, koma anakumbukira mawu a mwana wawo n'kumubweza. Ananyowetsa pepala ndi madzi okha, nasiya wobiriwira asungunuke yekha chokwera mpaka kutha. Pamwamba panatsala pepala lopanda kanthu. Dzanja linkayabwa moti anachita kulikhalira. Pepala litauma, nkhungu inali pomwepo, yozizira, ngati ungaipume.

Anawakhazika akazi awo ndi mapilo n'kuwaikira chithunzicho pamiyendo. Khoma lofiira lopendama, udzu wakuda, nkhokwe yotsimphina, nthochi kuseri. Kunena zoona, mbuzi imene inali pabwalo inkafanana ndi galu. NyaMsiska sanaione n'komwe mbuziyo. Anayendetsa chala pang'onopang'ono kuchokera ku khofi, kukwera pabwalo, mpaka pakhomo la nyumba, ndipo misozi inkangotsika yokha.

"Mwafika?" a Munthali anafunsa.

Mayi uja anagwedeza mutu kuvomera, koma chala sichinachoke pakhomopo.

"Palibe munthu," anatero. "Mundiikepo... ine."

"Ndikuikanipo, mayi. Pampasa kapena pampando?"

NyaMsiska anayang'ana mwendo wawo wakufa uja pansi pa bulangeti, kenako anawayang'ana amuna awo m'maso.

"Nditaimirira," anatero.

A Munthali anavula magalasi n'kuwapukuta ndi shati nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Kenako anaviika kaburashi kaja m'kapu ya madzi n'kuyamba ndi miyendo.