Nyuzipepala za Pachifuwa cha Bambo

Ndikukumbukira fungo la vasilini m'khitchini mwathu ku Tottenham, madzulo a Loweruka lina mu Febuluwale, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Anzawo a bambo anga a ku garaja ya mabasi anali ndi mwambo wawo. Chaka chilichonse kuzizira kukafika pachimake, ankapalasa njinga usiku wonse kuchoka kwathu kuno mpaka kunyanja ku Essex, kuti akaone dzuwa likutuluka. Chaka chimenecho analola ana, ndipo ndinawavuta bambo mpaka anandilembetsa.

Amayi sanatsutse, koma ananena kuti wondiveka ndi iwo. Anandiimika pakati pa khitchini n'kuyamba ndi vasilini, kumaso, m'makutu, m'khosi, mpaka ndinkanyezimira ngati chitumbuwa chongovuulidwa m'mafuta. Kenako masokosi awiri, pamwamba pake timatumba tapulasitiki ta buledi kuti mphepo isalowe m'nsapato. M'manja anandiveka magolovesi a ubweya, pamwamba pake achikasu aja otsukira mbale. Pomaliza anatenga chitenje chawo chofiira cha maluwa, anachipinda pawiri, n'kundikulunga nacho kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno.

Bambo nzeru yawo inali ya nyuzipepala. Ali mnyamata ku Dedza, ndale zisanawathamangitse m'dziko, ankanyamula kachewere panjinga m'bandakucha mwezi wa Juni. Ankati mphepo ya panjinga ilibe nawo ntchito msana, imafuna pachifuwa. Anadzilowetsa mapepala m'malaya, ena n'kundilowetsa ine pansi pa jekete. Ndikangopuma, mapepalawo ankachita phokoso.

“Mami, I look like a parcel,” ndinadandaula.

“Phukusi lomangidwa bwino ndi limene limafika,” anatero amayi. “Usakavule kanthu, Tadala.”

Gulu tinalipeza pafupi ndi siteshoni. Anthu anali atavala zakuda zothina, zopepuka, zowala galimoto ikawaunika. Panalinso Chloe, mtsikana wa m'kalasi mwathu, amene anabwera ndi bambo ake. Anayang'ana magolovesi anga achikasu n'kufunsa ngati ndabwera kudzatsuka mbale. Sanafunse mwachipongwe kwenikweni, koma anthu awiri anaseka, ndipo manyazi anandigwira. Ndinalowa m'chimbudzi cha pasiteshoni. Nyuzipepala, timatumba ta buledi ndi magolovesi achikasu ndinaziponya m'bini. Chitenje ndinachipinda bwinobwino n'kuchibisa pansi penipeni m'chikwama changa.

Mpaka ku Romford ndinkadziona wochenjera. Ndinali wopepuka, ndinkapitirira anthu pazitunda, thukuta lili kamukamu. Titadutsa nyumba zomaliza magetsi a mumsewu anatha, ndipo thukuta lija linazizirira pathupi. Udzu wa m'mbali mwa msewu unali utayera ndi chisanu. Zala zakumapazi zinayamba kuwawa, kenako zinasiya kuwawa, ndipo kusiyako ndi kumene kunandiopsa. Zala zam'manja zinakana kugwira mabuleki. Pamtsetse wina ndinangolunjika mumpanda wa zitsamba.

Bambo anaima n'kundidzutsa. Anandigwira pachifuwa, ndipo sanamve phokoso la pepala. Anavula jekete, anasolola nyuzipepala zawo zili zofunda ndi thupi lawo, n'kundilowetsa m'malaya. Anandiveka juzi yawo ndi magolovesi awo achikasu. Iwo anatsala ndi malaya ndi kajekete kopyapyala.

Ndinkadziwa kuti m'chikwama muli chitenje chimene chikanawafunditsa. Koma Chloe ndi bambo ake anali ataima pomwepo akutiunikira ndi nyali zawo, ndipo chitenjecho chinali chofiira, cha maluwa akuluakulu. Sindinachitulutse.

Ulendo wotsalawo bambo anapalasa patsogolo panga penipeni, kunditchinga mphepo. Ndikatsalira ankatembenuka n'kunena kuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tinafika kunyanja kutacha, koma dzuwa limene tinavutikiralo silinaoneke n'komwe, kunali mitambo yokhayokha. Tinabwerera pasitima iwo akunjenjemera, akuuza aliyense kuti kwa munthu wa ku Dedza uku si kuzizira.

Lachitatu anagonekedwa kuchipatala ku Edmonton ndi chibayo, ndipo anakhalako milungu iwiri. Amayi anawakalipira pabedi pomwepo, ine ndili chilili kumiyendo, kuti munthu wamkulu wotani amavula juzi pakati pa chisanu pofuna kuoneka mnyamata.

“Ndinalakwa, mayi a Tadala,” anatero bambo. “Thukuta linandinamiza.”

Anandiyang'ana pang'ono n'kutseka maso. Chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale. Nyengo yozizira iliyonse ankatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo njinga yawo inachita dzimbiri pakhonde. Kwa zaka zambiri amayi ankafotokozera alendo nkhani imeneyi pofuna kusonyeza kuti amuna samva, bambo n'kumaseka nawo. Ine ndinkapita kukafulula tiyi.

Masiku ano ulendowu ndimapalasabe. Ndili ndi zovala zimene ndinkasirira zija, zopepuka, zoumitsa thukuta, ndipo achinyamata a m'gulu kavalidwe amaphunzira pafoni. Nyuzipepala zokhuthala ngati za kale zikusowa, ndiye ndimatola zaulere za pasiteshoni n'kuziphatikiza ziwiri. Akandiseka ndimangozilowetsa m'malaya.

Chaka chatha, patapita miyezi bambo atamwalira, ndinawauza amayi zonse tikupinda zovala: za bini, za juzi, za chitenje chimene sindinatulutse. Sanasiye kupinda.

“Ndinkadziwa,” anatero. “Chitenje ndinachipeza m'chikwama mwako tsiku lomwelo, chouma, chopindidwa bwino. Bambo ako anandipempha kuti ndisakufunse. Ndiye ndinkawakalipira iwowo.”