Kamera Yovala Juzi

M'tauni mwathu muno mukafunsa za a Serafim Bivol, ena angokanda pamutu. Koma mukati mukufuna bambo aja a kamera yovala juzi, ngakhale mayi wogulitsa nthanga za mpendadzuwa pa depoti akulozerani khomo lawo. Ndi loyandikana ndi langa. Ine ndine Raisa, ndimakonza tsitsi la amayi, ndipo pakati pa saluni yanga ndi kachipinda kawo pali khoma la matabwa lopyapyala moti iwo akayetsemula, makasitomala anga amawafunira thanzi labwino.

A Serafim ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono, wa ndevu zimene sindinaloledwe kuzikhudza ndi sizasi ngakhale kamodzi. Nthawi ya boma la Soviet ankaonetsa kanema m'midzi, atamanga zitini za mafilimu kumbuyo kwa njinga yamoto. Filimu ikaduka, anthu n'kuyamba kuimba mluzu mu holo, iwo ankailumikiza ndi guluu mosapupuluma, kwinaku akuwabwezera mluzuwo. Boma lija litatha, holo anaisandutsa nkhokwe. Iwo anagulitsako mavwende, analonderako pa fakitale ya shuga, ndipo akazi awo atamwalira anagulitsa ng'ombe n'kugula kamera ya tepi ndi kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito. Tonse tinati chisoni chawasokoneza mutu.

Sichinawasokoneze. Inali nthawi imene amayi a kuno ankapita ku Italy mwaunyinji kukasamalira nkhalamba za eni ake. Ambiri analowa opanda mapepala, ndipo wotero akatuluka m'dzikomo sakanalowanso. Choncho ana ankabatizidwa, kukwatiwa, makolo kuikidwa m'manda, iwo kulibe. Zonsezo zinkawapeza pa chimbale cha kanema. Lachisanu lililonse minibasi ya Tudor inkanyamuka itadzaza tchizi, vinyo wa m'zigubu, mtedza ndi zimbale za a Serafim.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Pa ukwati, nthawi ija mkwatibwi amagwada pa kapeti kupempha makolo ake kuti amukhululukire asanachoke pakhomo, nthawi zambiri mpando umodzi unkakhala wopanda munthu. Iwo ankaunjika mapilo pampandopo, n'kukhazikapo kamera, diso lake lifanane msinkhu ndi maso a munthu wokhala pansi. Kenako ankaiyatsa n'kukaima kukhoma. Ankati mayi akamaonera kutaliko aonere ali pamalo pake, osati ngati mlendo wosuzumira pa zenera.

Chaka china, mphesa zitapsa, anakwatiwa Viorica, mwana wa mayi Zinovia. Mayiwa anachoka kupita ku Padova, mzinda wa ku Italy, mwanayo ali kusukulu ya pulayimale. Mtsikanayu ndinkamudziwa chifukwa ankandikwiyitsa. Tsitsi lake linali lofika m'chiuno, kunsonga kuli kogawikagawika, koma ndikangogwira sizasi ankadzuka pampando. Ngakhale tsiku la ukwati anakana kuti ndidule nsonga zokha. Ndinalimanga choncho, ndikung'ung'udza, n'kutsalira m'chipinda china kupesa operekeza.

Lolemba lake mayi Zinovia anaimba pa foni ya mu saluni, poti a Serafim analibe yawo.

"Achimwene, zovinazo kaya mudule kaya musiye, ndilibe nazo ntchito," mawu awo ankamveka mpaka pomwe ndinaima. "Koma pogwada paja ndipaone. Ndipaone ponse. Lachisanu mum'patse Tudor."

"Musade nkhawa, mayi. Munalipo ndithu, ndinakukhazikani pampando ndekha."

Lachiwiri anamaliza kukonza kanemayo. Anachotsa pomwe amalume a mkwati anagwetsera mkono m'mbale ya kabichi, n'kuika koyambirira nkhunda ziwiri zouluka zimene amaika pa ukwati uliwonse. Analowetsa chimbale chatsopano kuti abene, ndiko kuti akoperemo kanemayo. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, kanayenda ndithu, kenako kanaima. Anadikira. Anagwedeza mausi, kamuvi osasuntha. Kompyuta yonse inangouma gwa, ndipo atazimitsa n'kuyatsanso, chimbale chinatuluka chowonongeka.

"Achemwali!" anagogoda khoma. "Mwayatsanso chowumitsira tsitsi chanucho? Mukundithera magetsi!"

"Inu madala, musandiyambe. Chitsulo chanucho chinakalamba ngati mwini wake."

Ndinazimitsabe, kasitomala n'kukhala ndi tsitsi lonyowa. Anayesanso, kamzere n'kuimanso. Anati vuto ndi zimbale zotchipa za pamsika, anakagula zina ku sitolo ya mabuku. Zomwezo. Anauza pulogalamu yobenera kuti izibena pang'onopang'ono, zomwezonso. Anati kompyuta yatentha, anaivula chitsulo cham'mbali, kuipopa fumbi ndi pampu ya njinga, n'kubwereka fani yanga kuti iziipepesa ngati wodwala malungo. Anachotsa nkhunda zija, mwina zikulemera. Anachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso. Zimbale zowonongeka zinaunjikana pa tebulo, moti ndinatengako kukapachika m'mphesa zanga kuti ziziopseza mbalame.

Lachitatu anaganiza kuti kompyuta yadzaza, ndiye afufute maukwati akale. Apa anandiitana, poti nkhani za m'tauni zimathera m'saluni.

"Tiyambe ndi amene anasudzulana kale. Awa bwanji?"

"Fufutani. Mwamuna ali ku Moscow ndi wina."

"Nanga awa?"

"Anasiyana chaka chatha."

Anayang'ana nkhope ziwirizo kwa kanthawi. "Awa ayi. Taonani mmene akumuyang'anira. Mwina abwererana."

Umu ndi mmene alili a Serafim, ndipo nthawi zina amanditopetsa nazo. Tinafufuta ochepa chabe. Malo anapezeka, koma kamzere kanaimabe.

Atathedwa nzeru anaimbira pa foni ya mu saluni bambo wa mumzinda wa Balti amene anawagulitsa kompyutayo. Iye anafunsa funso limodzi lokha, ngati imaima pamalo amodzimodzi. A Serafim anavomera. Bamboyo anati ndiye kuti makina alibe mlandu, kanemayo ndi amene ali ndi bala penapake. Anawauza kuti amudule pakati, ayese chigawo chilichonse pachokha, chimene chaumitsa kompyuta achidulenso pakati, mpaka apeze povutapo. Akapapeza apachotse, basi.

Anachita zimenezo mpaka usiku. Kutchalitchi kunadutsa bwinobwino. Phwando linadutsa, magule onse anadutsa. Lachinayi m'mawa anagogoda khoma mofatsa, osati mwa masiku onse.

"Achemwali, tabwerani muone."

Analumikiza kamera ku wailesi yakanema n'kuseweretsa tepi yeniyeniyo. Ndinaona chipinda cha kwa Viorica monga angachionere munthu wokhala pampando. Mtsikanayo anagwada, anapsompsona dzanja la bambo ake, bambowo akupukuta maso ndi chipewa. Kenako anatembenukira kwa ife. Anayang'ana m'diso la kamera. Mwadzidzidzi anatambasula manja n'kuikumbatira kamerayo ndi mphamvu zake zonse. Chithunzi chinagwedezeka, chinathothoka timabokosi timabokosi, chinayera ndi diresi, kenako kunada. Mumdimamo munkamveka nsalu ikukhuzana ndi kupuma kwa munthu amene akulira.

"Ndi apa," anatero a Serafim. "Anaigwedeza, tepi inadumpha m'kati. Pokonza ndinaona kuti pakuthwanima, koma sindinalabadire."

Ine ndine munthu wa sizasi, ndinawauza mmene ndinkaonera. "Ndiye dulani. Ndi kanthawi kochepa, mulibenso chooneka. Akugwada aoneke, akudzuka aoneke. Minibasi ndi mawa, madala."

"Ndadula zambiri ine," anatero, osandiyang'ana. "Kale ankatilamula kudula ngakhale anthu akupsompsonana, ndinkadula. Koma mayi uja wasambitsa nkhalamba zaka zonsezi, mwana wake wamukumbatira kamodzi kokhaka, ndiye ine ndidule? Ndikamuuza kuti kompyuta inakana?"

Iwo anakhala akuyang'ana wailesi ija. Kenako anati wailesi siisankha, imaonetsa chilichonse chimene yapatsidwa, chothothoka chomwe. Kompyuta ndi imene imanyada. Ndiye ngati kamera ina itajambula zimene wailesi ikuonetsa, kompyuta ilandira tepi yatsopano yopanda bala.

Kamera ina m'tauni yonse inali ya a Valeriu, wojambula mnzawo, ndipo awiriwa sankamwerana madzi kuyambira pomwe analimbirana ukwati wa mwana wa dokotala wa ziweto. A Serafim anavala jekete, anaima pakhomo nthawi yaitali ngati akuwerenga nyerere, kenako anapita. Anabwera ndi kamerayo pamodzi ndi mwini wake, amene anakana kuisiya m'manja mwa munthu wina.

"Kujambula wailesi? Wakalamba iwe, Serafim. Anthu akamva, usatchule dzina langa."

"Dzina lako ndani amalitchula? Imika miyendo ya kamerayo apa."

Kachipinda kawo kanali kowala kwambiri, choncho tinasamutsira zonse mu saluni. Tinatchinga mazenera ndi matawulo ndi nsalu zofunditsa makasitomala. Ndinazimitsa makina onse. Amayi awiri anali momwemo, wina mankhwala akuda ali m'mutu, ndipo ndinawauza kuti amene atsokomole ndimumeta mpala. A Serafim anakweza mawu a wailesi mpaka kumapeto kuti kamera ya a Valeriu itole zonse.

Viorica anagwadanso, anatembenukanso, anakumbatiranso. Chithunzi chinada. Koma tsopano, mawu ali pamwamba, pansi pa kukhuzana kwa nsalu tinamva kanong'onong'o kamene palibe amene anakamva pa ukwatipo.

"Amayi, tsitsi lija sindinadule. Munati ndikudikireni. Ndikudikirabe."

Ine ndinayang'ana sizasi yanga pa tebulo, mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinalira ndithu, osabisa. Mayi wa mankhwala uja misozi inatsika yakuda. A Valeriu anamina mwaphokoso m'kansalu.

"Wawononga!" anakalipa a Serafim. "Mphuno yako yalowa mu tepi. Tiyambirenso."

Tinayambiranso, ndipo aliyense anadziluma mlomo. Madzulo ake analowetsa kachidutswa katsopanoko m'malo mwa kovulala kaja. Sikanali kokongola. Kanali ndi mizere yoyenda, mtundu wake wotuwa. Anaika chimbale, kudina, tonse titazungulira. Kamzere kobiriwira kanafika pamalo paja, kanachita ngati kakuganiza, kenako kanapitirira. A Serafim anasisita kompyuta pamwamba monga ankasisitira ng'ombe yawo ija.

M'mawa mwake anapita nacho okha ku depoti, n'kumuuza Tudor kuti chimenechi asachiike pamodzi ndi tchizi, achiike m'thumba la jekete.

Patapita milungu ingapo Tudor anabwera ndi kaphukusi. Munali paketi ya khofi ndi kanthu koluka ndi ulusi wobiriwira, kokhala ndi bowo lozungulira kutsogolo ndi mabatani pansi. Ine ndinayesa chipewa cha khanda.

"Si chanu ichi, madala," anatero Tudor. "Mayi aja akuti muiveke kamera. Akuti inakhala pampando pawo, inawalandirira mwana, ndiye isamazizidwe."

Inakwana ndendende. Kuyambira tsiku limenelo a Serafim sanajambulepo ukwati kamera ili maliseche. Ana ankawaseka, madalaivala ankafunsa ngati yayamba kuyenda kapena ikadali kukwawa, iwo osalabadira. Ikada ankabwera nayo juziyo kuti ndiwachapire ndi shampu.

Mayi Zinovia anapeza mapepala patapita zaka zina, ndipo anabwera nthawi ya Pasaka, mutu utachita imvi. Tsiku lachitatu analowa mu saluni ndi Viorica, amene anali atanyamula mwana. Mayiwo anamasula tsitsi la Viorica okha, analipesa okha mpaka pansi, kenako anandiuza kuti tsopano ndikhoza kudula.

A Serafim anamva kudzera pa khoma, monga mwa nthawi zonse, ndipo anathamangira mu saluni ndi kamera. Mwachizolowezi anakoka mpando, kuikapo matawulo opinda, kuikhazika pamwamba moyang'ana Viorica, n'kukaima kukhoma. Mayi Zinovia anaiyang'ana. Anakonza batani limodzi la juzi limene linali litamasuka, anainyamula ndi manja awiri.

"Sendera, mnzanga," anaiuza motsitsa mawu. "Mwini mpando wabwera."

Anakhala pansi, kamera ili pamiyendo, diso lake litaloza kudenga. A Serafim sanaikonze. Ine ndinatenga sizasi, n'kuyamba ndi nsonga zogawikazo.