Khadi lofiira pakhomo la kalasi

Mpira wa kumudzi ndauyimbira zaka zambiri, m'mabwalo a fumbi a kuno kwa Mwambo mpaka kwa Kuntumanji. Marefu a m'derali tinali ndi bungwe lathu, ndipo linkakumana Loweruka m'mawa, kawiri pamwezi, m'kalasi ya pasukulu ina ku Songani. Kuchokera kwathu kunyanja ndi ulendo wotopetsa ndithu, ngakhale pa njinga yabwino. Yanga sinali yabwino.

Wapampando wathu anali bambo ena opuma pantchito yauphunzitsi, munthu woongoka ngati mtengo wa golo. Msonkhano ankauyendetsa ngati masewero. Nthawi ikakwana ankaliza wezulo, ndipo wofika wezulo italira ankatengedwa kuti wajomba. Ukajomba kawiri, khadi lachikasu. Kachitatu, lofiira, ndiye kuti suyimbiranso mpira mpaka chaka chimenecho chithe. Chowiringula chololedwa chinali maliro kapena kudwala kwa iwe mwini, basi.

Lamuloli tinaligwirizana tokha, nthawi yadzuwa, misewu ili youma, m'dambo mulibe kanthu. Anzanga ambiri amakhala kufupi ndi msewu wa tala, ena ndi aphunzitsi, ena ali ndi timaokala. Za mpunga panalibe amene anazikumbukira, ngakhale ine mwini wake wolima mpungayo.

Chaka chimenecho anandisankha kuti ndidzayimbire fainolo ya chikho cha m'dera lathu. Zaka zonse pa fainolo ankangondipatsa mbendera, ndizithamanga m'mbali. Tsopano wezulo inali kubwera m'manja mwanga, ndipo mawondo anali atayamba kale kundiuza kuti mwayi wina ngati umenewu sindidzaupezanso. Ndinkaifuna fainolo imeneyo ndi mtima wanga wonse, sindibisa.

Kenako mpunga unatulutsa ngala. Aliyense wolima m'mbali mwa Chilwa amadziwa kuti ikafika nthawi imeneyi munthu sakhalanso ndi Loweruka. Mbalame zimabwera ngati wina wazitumizira uthenga. Umakhala m'munda kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, kukoka chingwe cha zitini, kuponya zibuma, kukuwa mpaka mawu kusasa. Zaka zina tinkasinthana ndi mayi a kunyumba, koma chaka chimenechi iwo anali ku Zomba, kudwazika amayi awo m'chipatala. Munda wonse unali pa ine ndekha.

Msonkhano woyamba ndinajomba, ndinaimba foni kupepesa. Anandiyankha kuti mbalame mulibe m'malamulo. Wachiwiri ndinajombanso, khadi lachikasu linanditsatira pafoni pomwepo. Refu mnzanga wina, wondifunira zabwino, anandilangiza kuti ndizingonena kuti kwathu kwagwa zovuta. Iye mwini azakhali ake anali atatha kumwalira mmodzimmodzi chaka chimenecho, ndipo palibe ankamufunsa, poti za maliro munthu safunsa kawiri. Koma ine apongozi anga ali gone m'chipatala, ndikatchule maliro ndi pakamwa panga? Ndinaopa, ndipo ndinakana.

Msonkhano wachitatu utayandikira ndinapita kwa mayi ena olima moyandikana nane, kuwapempha kuti azindiyang'anirako munda. Anavomera, koma anandichenjeza kuti maso ali nawo awiri okha, ndipo onse awiri ali ndi ntchito kale. Ndinanyamuka kusanache bwino. Ndili pakati pa ulendo, tayala lakumbuyo linaphwa. Wokonza njinga wa pamsika woyandikira anali asanatsegule, ndipo kumudikira kunali kudzipha ndekha. Ndinayamba kuikankha, pena kuthamanga nayo, pena kukwera choncho ili phwa, mpaka malaya ananyowa ngati ndagwa m'madzi.

Ndinafika pabwalo la sukulu, kalasi ndikuiona, mitu ya anzanga ndikuiona pawindo. Wezulo inalira. Ndinaimva ndi makutu angawa, ndikutsamiritsa njinga pamtengo.

Nditaima pakhomo, wapampando anandiyang'ana, napisa dzanja m'thumba la malaya, nakweza khadi lofiira m'mwamba, monga tichitira m'bwalo. Anzanga onse anagwetsa nkhope. Ine mtima unandipsa. Ndinawauza za mbalame, za odwala, za tayala, ndinawauza kuti ena pano akupulumuka chifukwa chopha abale awo ndi pakamwa. Ena anang'ung'udza kuti zoona, munthuyu wafika, koma panalibe amene anaimirira. Ndinakhala panja pakhonde mpaka msonkhano unatha, ndikumva akusankha wina woti ayimbire fainolo yanga.

Potuluka, wapampando ananditengera pambali. Analankhula mofatsa, ngati munthu wachisoni. Anati akudziwa kuti sindinanamepo, ndipo anandiona pawindo ndikukankha njinga.

"Ndiye munandiona, bambo, koma n'kuliza?" ndinawafunsa.

"Nthawi inali itakwana, achimwene," anatero. "Inu ndinu refu. Munayamba mwabwezapo penate chifukwa wosewera walira?"

Ankanena zoona, ndipo chimenecho ndi chimene chinandikwiyitsa koposa. Sindinabwezepo ndi kamodzi komwe. Ife marefu tinaphunzitsidwa kuti ukaliza waliza, ngakhale mtima ukuuze kuti walakwitsa, chifukwa ukangobweza kamodzi masewero akuthawa m'manja. M'bwalo zimenezo n'zoona. Koma ili linali kalasi, munalibe mpira, munalibe matimu, munali anthu akuluakulu odziwana mpaka kumakomo kwawo. Tinali titaiwala kuti wezulo imatha kuikidwa pansi anthu n'kukambirana.

Ndinafika kumunda dzuwa litapendeka. Mayi aja anayesetsa, koma mbali ya kumunsi inali itayera, ngala zili chilili zopanda kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa. Mayi a kunyumba nditawauza pafoni anangoti bola ndikanakhala m'munda, ndipo sanalakwe.

Tsiku la fainolo ndinalumbira kuti sindipondako. Masana ndinapezeka ndili kuseri kwa golo, chipewa nditachitsitsa kumaso, pakati pa masapota. Woyimbira anali mnzanga wa ku Songani komweko, ndipo ankayimbira bwino, ndilibe pomunenera. Chigawo chachiwiri chili mkati anakana chigoli cha timu ya kwathu, poti wogoletsayo anali ofusayidi. Ine ndinaona, analondola.

Bwalo lonse linamuukira. Ena ankati wagulidwa, ena ankati maso ake anawasiya kunyumba, amayi ena ogulitsa zitumbuwa anamutukwana mpaka kumtundu wake. Bambo wina amene anaima pafupi nane anandigunda ndi chigongono, osandizindikira, nati marefu onse ndi anthu opanda mutu, ndikuwenso nawo.

Sindinakuwe. Ndinangomuyang'ana mnzangayo ataima pakati pa bwalo, dzanja lili m'mwamba, thukuta lili kamukamu, anthu onsewo akumulalatira iye yekha. Ndinamuchitira nsanje yoopsa. Kutukwanidwa konseko kunayenera kukhala kwanga.