Wosayina Akwere Nawo

Afolomani aja sindinawakhululukire, ndipo sindibisa. Tinkakhala moyandikana ku Nsungwi, tchalitchi chimodzi, ndipo m'mawa tinkadikira limodzi galimoto ya kuntchito pamsewu wa M1. Ntchitoyo inali ku bwalo la ndege, pa kampani ina yaing'ono ya tindege tiwiri tonyamula eni maesiteti a fodya. Ine ndinali makaniko, iwo mkulu wanga.

M'ndege iliyonse munali buku. Woyendetsa akatera ankalembamo chimene chamuvuta m'mwamba, ife n'kukonza, wokonzayo n'kusayina m'munsi mwake. Popanda siginecha ndege sinkanyamuka. Koma afolomani ankafuna kuoneka abwino kwa mwini kampani, munthu wodana ndi kugula zitsulo zatsopano. Woyendetsa akalemba kuti injini ikudontha oyilo, iwo ankangopukuta ndi sanza, n'kulemba kuti tayang'ana, palibe vuto. Kenaka cholembera n'kupatsa ine.

"Tasayinani apa achimwene, ine m'manja muli girisi."

Ndinkasayina. Ndinali ndi mwana wakhanda kunyumba, ntchito ndinali nditangoipeza kumene. Mantha amenewo ndi anga, sindikankhira wina.

Tsiku lina ndege inabwerera isanafike ndi ku Kasungu komwe, oyilo ali mbwee pagalasi. Woyendetsa, bambo wachisilamu wa ku Mangochi wosakonda zolankhulalankhula, anatera nayo bwinobwino. Mwini kampani atafunsa, afolomani anatsegula buku n'kuloza siginecha yanga. Mwini kampaniyo anandiimitsa ntchito mwezi wathunthu, n'kundiuza kuti ndikadzalakwanso kamodzi chiphaso changa chaumakaniko chidzapita.

Zikanathera pomwepo mwina ndikanameza. Koma afolomani anakafalitsa ku Nsungwi kuti ndimagwira ntchito nditaledzera, ine amene ngakhale chibuku sindikudziwa kukoma kwake. Mayi a kunyumba anazimva pampopi, anabwera akulira. Mwezi wonsewo ndinkakhala pakhonde n'kumawaona afolomaniwo akudutsa ndi kachikwama kawo. Ndinkawapatsa moni mwaulemu, mumtima ndikuwaphikira.

Nditabwerera sipanathe milungu itatu, woyendetsa uja analembanso kuti injini ikunjenjemera pokwera. Afolomani anatsegula chivundikiro, anasuzumira, anatseka. Atandipatsa cholembera ndinapinda manja.

"Pepani abwana, ine paja ndine chidakwa. Siginecha ya chidakwa ingakuipitsireni buku."

Alendo anali atafika kale ndi zikwama zawo, mwini kampani akungoyang'ana wotchi. Afolomani anasayina okha, koyamba chiyambire ine ntchito. Ine ndinazemba n'kukawapeza oyendetsa aja akutawaza kuseri kwa shedi pokonzekera mapemphero, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira sanza ija. Sindinganame kuti ndinkaganizira miyoyo ya alendowo. Ndinkafuna munthu wanga.

Bambowo anangogwedeza mutu. Anapita pamene panaima mwini kampani ndi alendo, n'kunena mosakweza mawu kuti ayambe aiyesa ndegeyo m'mwamba mphindi khumi. "Koma amene wasayina m'bukumu akwere nane. Poti akuti ili bwino, palibe choopa."

Mwini kampani anati zimenezo n'zomveka. Afolomani anayamba ndi kuseka. Kenaka anati ali ndi BP. Kenaka anati m'mimba simuli bwino chiyambire m'mawa. Woyendetsa anangotsegula chitseko n'kuima pambali. Afolomani anayenda mpaka paphiko, anaponda phazi limodzi pachokwerera, thukuta lili kamukamu, n'kulibweza phazilo.

"Bwana, ndili ndi ana asanu."

"Nanga ine ndilibe?" anafunsa woyendetsa.

Titaimasula injiniyo masana omwewo tinapeza chitsulo chogwira injini chitang'aluka, chatsala pang'ono kuduka. Afolomani anachotsedwa ntchito dzuwa lisanalowe. Ine ndinakondwa, ndinakondwa zedi. Nkhaniyo ndinaifotokoza m'minibasi, kumsika, ngakhale pamaliro, ndipo pofika pa phazi lija ndinkaimirira n'kuonetsa mmene analibwezera.

Patapita miyezi afolomani aja anabwera kwathu ndi mkulu wa mpingo, ataonda, jekete ikuwakulira. Anakhala pamphasa, mpando ataukana. Anavomera kuti za mowa zija anapeka okha, n'kupempha kuti ndiwakhululukire poti ndife Akhristu. Mayi a kunyumba ankandikodola ndi maso kuti ndivomere.

Afolomaniwo ndinawauza kuti ndamva, ndiyambe ndaganiza. Anamwalira patatha zaka zinayi ndikuganizabe.