Ndinatsala pang'ono kusinthanitsa mwana wanga ndi thumba la ufa

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinavomera kupereka mwana wanga wamkazi kwa bambo wachikulire chifukwa cha njala. Ndati ndinene kuti wina amene ali pamavuto asafike pamene ndinafika ine.

Inali nthawi ya nkhondo. Tinkakhala m'mbali mwa nyanja chakumpoto kwa mishoni ya Msumba, ndipo amuna anga anali asodzi. Tsiku lina m'mawa anthu amfuti anatsika kumapiri, natentha nyumba ndi maukonde, nazula chinangwa m'mashamba, minda yathu. Amuna anga anawagwira kuti akawasenzere katundu. Ine, apongozi anga aakazi ndi ana anga atatu tinathawira kufupi ndi Metangula, komwe tinamanga kachisakasa pamchenga.

Mvula itayamba, njala inatipana. Tinkadya chigwada chopanda mchere, mwina osadya n'komwe. Mkaka wanga unauma, ndipo Tomasi, mwana wanga wakubere, anafika posiya kulira chifukwa chofooka. Ine ndinakulira mumpingo, ndinkaimba kwaya, koma pamenepo ndinaleka kupemphera. Apongozi akagwada, ine ndinkatuluka panja. Mumtima ndinkati Mulungu anatsala ku Msumba, ife watiiwala.

Kunali bambo wina wamalonda amene ankabweretsa ufa pa boti kuchokera kutsidya. Anali ndi imvi komanso akazi awiri. Ataona Luzia, mwana wanga woyamba, yemwe anali atangotha msinkhu, anandiitanira pambali.

"Mayi, mukuvutikiranji muli ndi mwana wamkulu chonchi? Ndipatseni akhale mkazi wanga. Loweruka ndibwera ndi thumba la ufa ndi kapulana yanu yoti muzivala."

Abale anga, ndinavomera. Nditawauza apongozi, anandigwira dzanja.

"Make Luzia, njala imatha, koma ichi sichidzatha. Dikirani Ambuye."

Ndinawayankha mwachipongwe kuti pemphero saphika. Luzia anamva zonse. Anangosiya kundiyang'ana kumaso.

Lachisanu m'mawa ndikuchapa kunyanja, ndinaona chinthu chakuda chikukwera pamadzi ngati utsi. Ndinaganiza kuti amfuti aja atentha mabwato. Ndinathamanga ndikukuwa kuti ana athawe. Apongozi anatuluka, naphimba maso ndi dzanja, kenako anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Si utsi umenewo, mwana iwe! Ndi nkhungu!"

Inu amene simunakhalepo kunyanja, nkhungu ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri totuluka m'madzi, ndipo ife timadya. Nthawi zambiri timathera pakati pa nyanja, ife n'kumangoonera patali. Koma tsiku limenelo mphepo inatembenuka n'kutikankhira mtambo wonsewo pagombe pathu penipeni. Tizilomboto tinadzaza m'mitengo, paudzu, m'tsitsi mwathu. Amayi onse anatuluka ndi malichero onyowetsa n'kumakupiza m'mwamba. Ine ndinakupiza mpaka mikono kuwawa. Tinakanya, tinakulunga m'masamba a nthochi, tinaphika, zina tinayanika.

Tinadya n'kukhuta. Zouma zija tinasinthanitsa ndi makaka a chinangwa kwa amayi ena othawa kuchokera ku Maniamba, omwe ankasowa ndiwo. Pasanapite nthawi mkaka wanga unabwerera.

Wamalonda uja sanabwere Loweruka chifukwa nyanja inawinduka. Pamene ankafika ndi thumba lakelo, ndinamuuza kuti abwerere nalo. Ananditukwana pamaso pa anthu kuti ndidzamufuna, koma ine mtima unali utapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Chovuta chinali kupepesa mwana. Ndinamupeza akutsuka mphika, ndipo ndinagwada pamchenga, ine mayi wake. Iye anati:

"Ndikanapita, amama, kuti Tomasi adye. Koma tsiku lililonse ndinkapempha Mulungu kuti boti lawo lisafike."

Ndinalira kwambiri. Ine wamkulu ndinali nditataya chikhulupiriro, pamene mwana amene ndinkamugulitsayo ankapempherabe.

Sindikunena kuti mavuto anathera pomwepo. Tinagonabe ndi njala masiku ena, koma nthawi zonse kanthu kankapezeka, lero usipa, mawa dzungu la mnansi. Nkhondo itatha amuna anga anatulukira, ataonda, akutsimphina, koma amoyo. Luzia anabwerera kusukulu, ndipo anakwatiwa atakula ndi mwamuna wodzisankhira yekha.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, njala ikakupanani imakuuzani kuti njira yatsala imodzi yokha, ndipo njirayo imakhala yoipa. Musaimvere. Musapange chinthu chosabwezeka chifukwa cha vuto limene lidzatha. Mukalephera kupemphera, musawanyoze amene akugwada m'malo mwanu. Ine ndinaleka kukhulupirira Mulungu, koma Iye sanaleke kudyetsa ana anga.