Bambo anga atakhala phungu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikubwereza sitandade fili. Musaseke, aphunzitsi ankandikonda kwambiri moti sankafuna kuti ndiwachokere m'kalasi.

Bambo anga anali ndi kagolosale pa Nkando. Ankagulitsa mchere, sopo ndi palafini. Poweruka ankandikweza pakeliyala ya njinga, ine nditagwira lamba wawo, mphuno ili pamalaya onunkha palafini.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza za mzungu wina wa ku Amereka, wa zaka za m'ma 1800, amene anayamba n'kugulitsa matabwa kenako n'kudzakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Dzina lake linandithawa pomwepo, koma nkhaniyo ndinathamangira nayo kugolosale.

"Ababa, mnzanu wa matabwa analowa nyumba ya malamulo. Nanga inu mukudikira chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Patapita zaka ziwiri anakhaladi phungu. Njinga anaisiya, n'kupita ku Zomba, kumene kunali nyumba ya malamulo nthawi imeneyo. Kwathu ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ku Zombako anapeza mkazi wina wodziwa Chingelezi.

Atabwera kudzachititsa msonkhano pa Nkando, anakhala pampando wa khushoni pakati pa alendo ovala masuti. Ine ndinali nditasamba kawiri tsiku limenelo. Ndinkangofuna kuti andiyang'ane, koma maso awo ankandidumpha. Ndiye ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, n'kukuwa mmene iwo ankakuwira pa tsiku la msika:

"Mchere, mchere! Basela alipo, amayi!"

Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinkadikira kuti bambo nawonso aseke mpaka kutsokomola. Koma iwo anatembenukira kwa mkulu wina wosungitsa bata, n'kufunsa mokweza:

"Mwana ameneyu ndi wa yani?"

Nkando yense ankadziwa yankho. Mkulu uja anandigwira dzanja n'kunditulutsa pang'onopang'ono, ngati akupepesa. Bambo akanangondikwapula, bwenzi nditaiwala kalekale.

Bambo anamwalira tisanakambiranepo za tsikulo. Lero ndakalamba kuwaposa, ndipo ndikuona kuti pampando paja anali ndi mantha. Ankaopa kuti anzawo ophunzirawo adziwa kumene anachokera, ndipo ine, ponyadira komweko, ndinawavula pagulu.

Anthu ndimawasekabe, adzukulu anga angakuuzeni. Koma ndikaona munthu akuvutika kubisa mantha ake, ndimatseka pakamwa. Funso la bambo lija lokha ndi limene ndimaliyankhabe ndikakhala ndekha pakhonde.

"Ndine wanu, ababa."